Chitsulo cha mazinga chomatidwa m'konkire: chimagwira bwanji, nanga chimazuka liti?

Amene mwakhalapo m'komiti ya chitukuko kuno ku Kasungu, kaya ya sukulu, ya tchalitchi kapena ya kopaletivu ya alimi, mwina munauonapo mzere uwu pa pepala la kontilakitala: "M16 chemical anchors, grade 8.8, embedment 125 mm". Akunena zitsulo za mazinga zomatidwa m'konkire ndi utomoni, ndipo embedment ndi kuya kumene chitsulo chimalowa m'konkiremo. Ukaona mtengo wake, mutu umaima. Mukafunsa amisiri, mayankho amabwera awiri. Wowotcherera zitsulo amati, "Abwana, guluu angagwire thanki ya madzi?" Womanga amene anagwirapo ntchito ku Lilongwe amati, "Kemiko ameneyu ndi wolimba kuposa konkire yemweyo." Onsewa ali ndi pamene akunena zoona.

Nkhaniyi yakula chifukwa ntchito zoimika zitsulo pa konkire wouma kale zachuluka: masitandi a mathanki pa mijigo ya sola, zigayo, mashedi osungiramo soya ndi mtedza, makhonde achitsulo owonjezera pa mashopu akale a m'mbali mwa msewu wa M1. Paliponse pamenepa pamafunika chinthu cholumikiza chitsulo ndi konkire.

## Njira zitatu zolumikizira

Njira yakale ndi yoika mabawuti opinda kumapeto m'konkire akadali wamadzi. Ndi yotsika mtengo ndipo imalimba, koma imafuna kuti miyezo ikhale yolondola tsiku lothira. Bawuti ikasuntha pang'ono, mbale ya chitsulo ya pansi pa mzati sikhalanso pamalo.

Yachiwiri ndi bawuti yofufuma, imene ambiri amaitcha rawlbolt. Mukamanga nati, chikopa chake chimatambasuka n'kukanikiza makoma a bowo. Imagwira nthawi yomweyo, koma kukanikizako kumatha kung'amba konkire ngati bowo lili pafupi ndi m'mphepete.

Yachitatu ndi iyi ya chemical anchor. Mumaboola konkire, kutsuka bowo, kuthiramo utomoni wa ku fakitale, kenako kulowetsa chitsulo chokhala ndi mazinga kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Utomoniwo umabwera m'magawo awiri osiyana, ndipo suuma ndi mphepo ngati guluu wa nsapato. Umalimba magawowo akasakanizana. Mitundu yake yodziwika ndi polyester, wa ntchito zopepuka, vinylester ndi ena ofanana naye, ouma msanga, ndi epoxy, wochedwa kuuma koma wogwira kwambiri. Makampani monga Hilti, fischer ndi Sika amapanga mitundu yosiyanasiyana ya utomoniwu. Popeza palibe chofufuma, njira imeneyi siifinya konkire, n'chifukwa chake imalola kuika zitsulo moyandikana kapena pafupi ndi m'mphepete kuposa rawlbolt.

## Manambala a pa chitsulo

M12 akutanthauza kuti chitsulo ndi chonenepa mamilimita 12 mukayeza pamwamba pa mazinga. Koma mazinga ndi mizere yokumbidwa, ndiye chitsulo chenicheni chonyamula katundu chimachepa: pa M10 ndi masikweya milimita 58, pa M12 ndi 84, pa M16 ndi 157, pa M20 ndi 245. Onani kuti kuchoka pa M12 kufika pa M16 mphamvu imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ngakhale ndi maso kusiyana kwake kumaoneka kochepa.

Mazinga ali ndi ntchito ziwiri. Kumtunda amagwira nati. Mkati mwa bowo, utomoni umalowa m'mizere yonseyo n'kuuma momwemo, kotero chitsulo sichingatuluke popanda kuphwanya utomoni. Chitsulo chosalala sichikhala ndi pogwira pamenepa. Zitsulo za mabampu zomangira, monga Y12, zimamatidwanso ndi utomoni pofuna kuwonjezera silabu kapena mzati, koma masamu ake ndi ena.

Nambala yachiwiri, 5.8 kapena 8.8, ikunena za mtundu wa chitsulo, malinga ndi muyezo wa ISO 898-1. Nambala ya kumayambiriro, dontho lisanafike, mukaichulukitsa ndi 100 imapereka mphamvu imene chitsulo chimadukira. Pa 5.8 ndi ma newton 500 pa sikweya milimita imodzi, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 50, thumba lathunthu la simenti, pa kadontho kameneko. Pa 8.8 ndi makilogalamu pafupifupi 80. Nambala ya pambuyo pa dontho ikunena pamene chitsulo chimayamba kutanuka osabwereranso: 8 akutanthauza magawo 8 mwa 10 a mphamvu yodukira ija.

Vuto la ku hadiweya ndi ili. Zitsulo za mazinga za mita imodzi zimafanana zonse ukaziona pa shelefu, ndipo zambiri zotsika mtengo ndi za 4.6 kapena 4.8. Mwa muyezo wa ku Germany wa DIN 976, kumapeto kwa chitsulo kumapakidwa utoto: wachikasu pa 8.8, wobiriwira pa chitsulo chosachita dzimbiri cha A2, wofiira pa A4. Si opanga onse amatsatira zimenezi, komanso mukadula chitsulo zidutswa zisanu ndi girayinda, utoto umatsala pa chidutswa chimodzi kapena ziwiri zokha. Kudula chitsulo chachitali si kulakwa, malinga mtundu wake ukudziwika, nati ndi washa zili za mphamvu yofanana nacho, ndipo mwaika chizindikiro posonyeza polekezera kulowa.

## Kuzuka kuli mitundu itatu

Alimi a fodya amadziwa ntchito yozula ziputu nyengo ikatha. Chiputu china chimathyoka m'manja, mizu n'kutsala pansi. China chimasolola bwinobwino ngati dothi lanyowa, osanyamula kanthu. Chachitatu, m'dothi louma, chimabwera ndi chibuma chonse. Chitsulo chomatidwa m'konkire chimalephera m'njira zitatu zomwezo: chimaduka, kapena chimasololoka m'bowo chifukwa utomoni wataya khoma, kapena chimatukula chigamphu cha konkire chooneka ngati fanulo yotambasuka kumtunda. Ntchito ya injiniya ndi kuwerengera zitatu zonsezi n'kutenga yofooka kwambiri. Ku Ulaya masamu ake ali m'muyezo wa EN 1992-4 wa 2018, ku America ali m'chaputala 17 cha ACI 318.

Tiyeni titenge M12 ya 5.8 yolowa mamilimita 110, amene ndi muyezo wodziwika wa chitsulo cha kukula kumeneku. Chitsulo chokha chimaduka pa 84 kuchulukitsa ndi 50, matani pafupifupi 4.2. Malo amene utomoni wagwira ndi kuzungulira kwa chitsulo kuchulukitsa ndi kuya: 3.14 × 12 × 110, masikweya milimita pafupifupi 4,150. Tiyerekeze kuti utomoni wathu umagwira kilogalamu imodzi pa sikweya milimita iliyonse. Nambala yeniyeni imakhala pa pepala la wopanga ndipo imasiyana malinga ndi mtundu. Ndiye utomoni umataya pa matani pafupifupi 4.1. Ziwirizi zayenderana.

Tsopano komiti yanena kuti tikufuna zolimba, tigule 8.8. Chitsulo chakwera kufika matani 6.7, koma utomoni ukadali pa 4.1, chifukwa kuya sikunasinthe. Ndalama yowonjezerayo yagula mphamvu imene siidzagwira ntchito pa kukoka. Kuti utomoni ufanane ndi chitsulo chatsopanocho, bowo liyenera kuya mamilimita pafupifupi 180. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa chitsulo ndicho chimaoneka ndi maso ndi kugwirika m'manja, pamene kuya kumabisika.

Kuya kumathandizanso pa chigamphu chija, ndipo kumathandiza kwambiri. Mukawirikiza kuya kawiri, mphamvu yofunika kutukula konkire imakwera pafupifupi katatu (2.8). Koma chigamphucho chimafuna malo. Chimatambasuka mtunda wokwana kuya kamodzi ndi theka mbali iliyonse, ndiye pa kuya kwa 110 pamafunika mamilimita 165 kuchoka m'mphepete, ndi 330 pakati pa zitsulo ziwiri, kuti chilichonse chipereke mphamvu yake yonse. Mbale zambiri za pansi pa mizati zili ndi mabowo anayi oyandikana kuposa pamenepa. Sizoletsedwa, koma zitsulo zinayizo zimagawana konkire mmodzi yemweyo, choncho mphamvu yake si kanayi ya chitsulo chimodzi.

Konkire yemweyo ali ndi mbali yake. Tili ndi fakitale ya simenti ya Shayona m'boma lathu lomwe lino, koma simenti wabwino sapanga konkire wabwino payekha. Thumba limodzi likatambasulidwa pa mawilibala ochuluka, mchenga uli ndi dothi, silabu osathiriridwa madzi masiku oyamba, chigamphu chimatukuka msanga ngakhale utomoni ukhale wa mtengo wanji. Ming'alu nayo imatsitsa mphamvu, ya chigamphu ndi ya utomoni yomwe, n'chifukwa chake mapepala a opanga amapereka manambala awiri, a konkire wong'aluka ndi a wosang'aluka. Lamulo la ACI limafunanso kuti konkire akhale atatha masiku 21 musanamatemo chitsulo. Ndipo silabu iyenera kunenepa kuposa kuya kwa bowo ndi mamilimita osachepera 30. Pansi pa nyumba pamene anathira mamilimita 100 sipangalandire chitsulo cholowa 110, bowo limangotulukira m'dothi utomoni n'kumatsikira komweko.

Manambala onse ndatchulawa ndi a polekezera. Katundu wololedwa pa ntchito amakhala theka lake kapena kucheperapo.

## Katundu amakoka mbali iti?

Funso la wowotcherera lija, ngati guluu angagwire thanki, lili ndi yankho lodabwitsa pang'ono. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani asanu, koma kulemera konseko kumakanikiza miyendo pansi, ndipo zitsulo zomatidwa zimakhala zikupuma. Nthawi yake yogwira ntchito ndi pamene thanki yaphwa, mphepo ya mvula yoyamba n'kuomba: sitandi yaitali imafuna kugwera mbali imodzi, miyendo ya kumene kukuchokera mphepo imanyamuka. Denga la shedi ndi mapanelo a sola ndi chimodzimodzi, mphepo imazikokera m'mwamba.

Pa chigayo nkhani ndi ina. Lamba amakokera m'mbali ndipo makina amanjenjemera tsiku lonse. Kukokera m'mbali kumayesa kunenepa ndi mtundu wa chitsulo, ndiye apa 8.8 ingakhale ndi phindu lake, komanso kumayesa mtunda wa kumphepete, chifukwa ngodya ya konkire imatha kuthyoka n'kugwa. Ngati pakati pa mbale ndi konkire pali mpata wotsekedwa ndi mawasha ounjika, chitsulo chimayamba kupindika m'malo mongometedwa, ndipo chimafooka msanga. Kunjenjemera kosalekeza kumatopetsa chitsulo m'mizere ya mazinga, ndipo si chitsulo chilichonse kapena utomoni uliwonse umene unayesedwa pa ntchito yotere.

## Bowo

Bowo limakula pang'ono chabe kuposa chitsulo: 12 pa M10, 14 pa M12, 18 pa M16. Mpata wa milimita imodzi mbali zonse ndi wokwanira. Bowo lalikulu limadya utomoni wambiri popanda kuwonjezera mphamvu.

Chimene chimapha ntchito zambiri ndi fumbi. Makina akamaboola, fumbi lina limatsikira pansi pa bowo n'kuchepetsa kuya, lina limamatirira pa makoma. Lowetsani chala m'bowo longoboola kumene, chituluka choyera mbuu. Utomoni ukathiridwa pamenepo umagwira fumbi, osati konkire, ndipo mayeso amaonetsa kuti mphamvu imatha kutsika ndi theka. Kupopera kokha sikuchotsa la pa makoma, kuuzira ndi pakamwa ndiye n'kungodzipweteka maso. Malangizo a opanga ambiri amati popera kuchokera pansi pa bowo, kwecha ndi bulashi ya waya yokula mofanana ndi bowolo, poperanso, chilichonse kawiri kapena kupitirira. Bulashi ikamalowa mosavuta, yatha. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi imodzi kapena ziwiri pa bowo, koma ndi imene imasiyidwa kwa wothandiza wamng'ono kwambiri pa saiti, dzuwa litapendeka, folomani akufuna kuweruka. Ikatha palibe angaione, chifukwa chitsulo cha m'bowo lakuda ndi cha m'bowo loyera zimaoneka chimodzimodzi kunja.

Utomoni wa m'chubu umasakanizikira m'mlomo wa pulasitiki wokhala ndi timapiko mkati. Woyamba kutuluka sunasakanizike bwino, umatayidwa mpaka mtundu utakhala umodzi. Amisiri ena amaona ngati kuwononga, n'kuuthira m'bowo loyamba, ndipo bowo limenelo silidzauma bwino mpaka kale. Mumathira kuyambira pansi mukubwerera m'mbuyo kuti musatsekere mpweya, mpaka magawo awiri mwa atatu a bowo, kenako kulowetsa chitsulo mochipotoza ndi dzanja. Utomoni pang'ono uyenera kusefukira pakamwa pa bowo. Ukapanda kutuluka, mkati muli mphako. Chitsulocho chikhale chopanda mafuta, chifukwa zambiri zimachoka ku fakitale zili noninoni.

Pali mtundu wina umene utomoni wake umabwera m'kabotolo ka galasi kapena kapepala kolowetsa m'bowo. Umenewu umafuna chitsulo chosongoka kumapeto, chodulidwa mopendeketsa kapena ngati tchizulo, ndipo chimalowetsedwa ndi makina chikuzungulira kuti chiphwanye kabotolo n'kusakaniza zamkati. Chitsulo chodulidwa mosalala, kapena chokhomedwa ndi hamala, sichisakaniza kanthu pa mitundu yambiri ya makapisozi amenewa.

Utali wa chitsulo umawerengedwa pophatikiza kuya, kunenepa kwa mbale, washa, nati ndi mazinga angapo otsala pamwamba. N'chifukwa chake M12 yolowa 110 imagulitsidwa kawirikawiri ili mamilimita 160. Utomoni ukauma, nati imamangidwa mwa muyezo: pa M12 ndi pafupifupi ma newton mita 40, ngati kukoka makilogalamu 16 pa sipanala ya masentimita 25. Kulumikiza paipi ku sipanala kuti ilimbe kwambiri sikuthandiza, chifukwa mkatimo mulibe chofufuma.

## Dzimbiri

Zitsulo zonyezimira zambiri zili ndi zinki wopyapyala kwambiri, ma micron asanu kapena kupitirira pang'ono (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), woyenera m'nyumba mouma. Zoviikidwa mu zinki wosungunuka zimakhala zotuwa ndi zokhakhala, zinki wake ndi wochindikala kangapo, ndipo zimafuna manati akeake. Pansi pa thanki pamene madzi amadontha, m'khola la nkhumba kapena la nkhuku, ndi m'nyumba yosungiramo feteleza, dzimbiri limadya msanga pamalo pamene chitsulo chikutulukira m'konkire. Pamenepo ndi pofunika zoviikidwa kapena zosachita dzimbiri za A4.

## Kutentha ndi nthawi

Utomoni umauma msanga kukatentha, ndipo kutentha kofunika ndi kwa konkire, osati kwa mphepo. M'mawa wa mwezi wa Juni mmisiri amakhala ndi nthawi yokwanira kuwongola chitsulo. Masana a Okutobala, pa silabu yowombedwa dzuwa, vinylester amayamba kugwira m'mphindi zochepa, ndipo chitsulo chikagwedezedwa pa nthawi imeneyo kugwirana kumasweka osabwereranso. Vinylester amalimba nthawi zambiri ola lisanathe, epoxy amafuna maola ambiri, mwina theka la tsiku. Konkire akakhala wonyowa opanga ambiri amati nthawiyo iwirikizidwe. Machubu ali ndi tsiku lothera ntchito ndipo amafuna malo ozizirira, zimene shopu ya malata yopanda siling'i siingapereke.

Ngakhale utauma, utomoni umafewa ukatenthedwa. Mtundu uliwonse uli ndi malire awiri, a kutentha kwa kanthawi ndi a kutentha kokhalitsa: ena madigiri 40 ndi 24, ena 80 ndi 50, ena 120 ndi 72. Pafupi ndi ng'anjo ya balani ya fodya wa kampopi kapena uvuni wa buledi, nambala imeneyi ndi yofunika kuiona. Kuwotcherera pa chitsulo chomatidwa kale kumawononga kawiri, kumaphika utomoni komanso kumafoola chitsulo cha 8.8, chimene mphamvu yake inachokera m'kutenthedwa ndi kuziziritsidwa mwa muyezo ku fakitale.

Chobisika kwambiri ndi ichi: utomoni ukakokedwa usana ndi usiku kwa zaka, umatha kutanuka pang'onopang'ono mpaka kutaya. Pa 10 Julaye 2006, mu msewu wa pansi pa nthaka ku Boston m'dziko la America, masilabu a siling'i olemera matani pafupifupi 26 anagwera galimoto n'kupha mayi mmodzi. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti epoxy amene anagwiritsidwa ntchito anali wa mtundu wouma msanga, wosapirira kukokedwa kosalekeza. Pa 2 Disembala 2012 siling'i ya msewu wa m'phiri wa Sasago ku Japan inagwa n'kupha anthu 9, ndipo kumenekonso inali yopachikidwa pa mabawuti omatidwa amene anali atafooka. Ku America, kuyambira mu ACI 318 ya 2011, oika zitsulo zomatidwa zoloza m'mwamba kapena chopingasa zonyamula katundu wokoka mosalekeza amayenera kukhala ndi satifiketi. Kwathu kuno, chofanana ndi zimenezi ndi khonde lachitsulo lopachikidwa pa khoma lopanda mizati kutsogolo, kapena chopachikira injini m'galaja. Zitsulo za pamwamba pa khonde lotere zimakokedwa nthawi zonse, ndipo pansi pake pamakhala anthu.

## Njerwa ndi mabuloko

Masamu onse aja ndi a konkire. Njerwa yowotcha ya pa uvuni wa kumudzi imasiyana mphamvu ngakhale mu uvuni umodzi, yapakati ndi yam'mbali, ndipo kawirikawiri njerwa yonse imasololoka pakhoma utomoni ukadali gwa. Ubwino wa njira ya utomoni pamenepa ndi wakuti siiphwanya njerwa ngati rawlbolt, koma katundu wololedwa amakhala wochepa kwambiri.

Chikhazikitsireni malamulo a 2018 oletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, mabuloko a simenti achuluka, ndipo ambiri ndi a mphako. Mukathira utomoni m'buloko lotere umangogwera m'mphakomo. Pamafunika kasefa kooneka ngati chala, ka pulasitiki kapena waya, kamene kamalowa m'bowo kaye. Utomoni umadzazidwa m'kasefamo, chitsulo chikalowa umafinyika kutuluka m'timabowo n'kuuma kuseri kwa khoma la buloko ngati mfundo. Poboola buloko la mphako, makina asamenye ngati hamala, azingozungulira, apo ayi kuseri kumaphulika n'kusiya pogwira pochepa.

Pakhoma lokayikitsa, mainjiniya amasankha pakati pa zinthu zingapo: kusunthira cholumikizacho pa ring'i bimu kapena mzati wa konkire, kuboola khoma lonse n'kuika bawuti yotulukira kuseri yokhala ndi mbale yotambalala, kapena kuyesa kaye. Poyesa amamata zitsulo zingapo pakhoma lomwelo, kuzidikira kuti ziume, n'kuzikoka ndi jeke ya mafuta yokhala ndi geji mpaka pa muyezo umene injiniya wanena. Chitsulo chikasuntha, kapena geji ikamatsika yokha, amasintha kuya, mtundu wa utomoni kapena njira yonse asanaboole mabowo otsalawo.